Zolemba za ntchito: Debian pa laputopu yakale ndi nkhani ya ma driver

Tsiku loyamba

Ntchito imene ndayamba lero ndi yoika Linux pa laputopu yanga, imene yakhala ikuyenda ndi Windows 10 chiigulireni. Chithandizo cha nthawi zonse cha Windows 10 chinatha pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kuti makina akhale ndi kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa yopezeka pa mndandanda wovomerezeka, umene kwa mapurosesa a Intel umayambira makamaka pa m'badwo wa 8. Yanga ndi ya m'badwo wa 7. Kupatula zimenezi makinawa ndi abwinobwino, ali ndi RAM ya 8 GB ndi SSD ya 256 GB, ndipo sindikuona chifukwa chowatayira.

Ndasankha Debian 13, yotchedwa trixie, imene inatuluka pa 9 Ogasiti 2025 ndi kernel 6.12 (Debian ndi mtundu wa Linux, ndipo kernel ndiwo mtima wake umene umayendetsa zipangizo). Chimene chandikopa n'chakuti kuyambira pa Debian 12 mu 2023, fayilo yoikira Debian imabwera ndi firmware ya makampani (timapulogalamu toyenda m'kati mwa zipangizo) m'kati mwake, choncho zipangizo zambiri zimene kale zinkafuna kuti munthu ayambe wasaka mafayilo pa kompyuta ina, tsopano zimagwira ntchito kuchokera pachiyambi.

Lero sindinakhudze Linux n'komwe. Ndakopera mafayilo anga onse pa diski yakunja, ndalemba papepala kiyi ya BitLocker ya manambala 48 (yotsegulira diski imene Windows inaitseka), ndathimitsa Fast Startup, kenaka ndachepetsa chigawo cha Windows pa diski ndili m'kati mwa Windows momwemo. Fast Startup ndayithimitsa chifukwa ikakhala yoyatsa, Windows sizima kwathunthu koma imasunga mmene inalili pa diski, ndipo Linux ikalemba pa chigawo chimene chasiyidwa chotero mafayilo amatha kuwonongeka. Pomaliza ndatsitsa fayilo ya Debian, ndayerekeza SHA256 yake (chizindikiro chotsimikizira kuti fayilo sinasinthe) ndi imene eni ake anasindikiza, ndipo ndaisamutsira pa fulashi.

Tsiku lachiwiri

Ndayatsa laputopu kuchokera pa fulashi popanda kuika chilichonse pa diski, cholinga chili chofuna kuona zimene zikugwira ntchito ndi zimene sizikugwira. Sikirini, kiyibodi, touchpad ndi masipika zonse zayankha. Wi-Fi palibe, ndipo SSD sinaoneke pa mndandanda wa madiski.

Vuto la SSD silinachedwe kumveka. M'makonzedwe a UEFI (firmware imene imayatsa makina) diski inali yoikidwa pa njira yotchedwa RAID, pamene Linux imayembekezera ina yotchedwa AHCI. Kusintha mawu amodziwa mwachindunji kumachititsa kuti Windows ilephere kuyaka, popeza imakhala itakonzekera driver (pulogalamu yoyendetsa chipangizo) wa njira yakaleyo, choncho ndinayamba ndauza Windows kuti iyake mu Safe Mode, ndinasintha kupita pa AHCI, ndinailola kuti iyake kamodzi ndi kudzitengera driver woyenera, kenaka ndinaibwezera mwakale. Inandifunsa kiyi ya BitLocker, ndipo pepala la dzulo lija linagwira ntchito yake.

Nthawi yambiri ya lero yathera pa kulemba kaundula wa zipangizo, ndipo ndikufuna kufotokoza chifukwa chake, popeza ndi pamene ntchito yonseyi yatsamira. Dzina lolembedwa pa chivindikiro cha laputopu silithandiza kwenikweni pofuna kudziwa ngati Linux idzayenda bwino, chifukwa kampani imene imalemba dzina lake pamenepo siipanga yokha khadi la Wi-Fi, kamera kapena touchpad. Imagula kwa ena, ndipo malaputopu awiri a dzina limodzi ndi nambala imodzi atha kukhala ndi makhadi osiyana m'kati. Kernel siiyang'ana dzinalo. Chipangizo chilichonse cha pa PCI kapena pa USB chimadzitchula ndi manambala awiri, yoyamba ya kampani imene inachipanga ndi yachiwiri ya chipangizocho, ndipo driver aliyense amakhala ndi mndandanda wa manambala amene amawadziwa. Mwachitsanzo, 8086 pa PCI ndi nambala ya Intel. Manambala akagwirizana, driver amanyamulidwa yekha popanda munthu kuchitapo kanthu. Akapanda kugwirizana, chipangizocho chimangokhala ngati kulibe.

Lamulo la lspci -nnk limaonetsa manambalawa pamodzi ndi dzina la driver amene wagwira chipangizo chilichonse, ndipo lsusb imaonetsa manambalawa ku mbali ya USB. Pa zipangizo zonse za pa PCI, chimodzi chokha ndicho chinalibe driver pansi pake, ndicho khadi la Wi-Fi. Ku USB ndapeza kamera, Bluetooth ndi kachipangizo kowerenga chala. Zotsatira za malamulo awiriwa ndazisunga mu fayilo, ndipo kuyambira lero ndikamafufuza vuto ndizifufuza ndi manambalawa, osati ndi dzina la laputopu.

Tsiku lachitatu

Debian yalowa pa diski popanda chovuta. Ndagwiritsa ntchito chigawo cha EFI chimene chinalipo kale, ndipo GRUB, pulogalamu yosankhira choti chiyake, ikuonetsa Debian ndi Windows yomwe. Secure Boot, chitetezo chimene chimalola mapulogalamu a siginecha yodalirika okha kuyatsa makina, ndaisiya yoyatsa, popeza Debian imayaka kudzera mu kapulogalamu kotchedwa shim, kamene kali ndi siginecha ya Microsoft imene UEFI ya makina ambiri imaikhulupirira. Intaneti ndaipeza polumikiza foni ndi chingwe cha USB, ndipo Linux yaiona foniyo ngati khadi la netiweki wamba.

Poyamba ndinkaganiza kuti khadi la Wi-Fi likungosowa firmware, koma dmesg, imene imaonetsa mauthenga a kernel, sinadandaule za fayilo iliyonse yosowa, ndipo apa ndi pamene ndinazindikira kuti ndinali kusokoneza zinthu ziwiri. Firmware ndi pulogalamu imene imayenda m'kati mwa chipangizo chenichenicho. Driver amangoitenga mu /lib/firmware ndi kuipereka kwa chipangizo chikamayaka. Driver ndi pulogalamu imene imayenda m'kati mwa kernel ndi kulankhula ndi chipangizocho. Ikasowa firmware, driver amakhalapo ndipo amalemba dandaulo lomveka bwino lotchula dzina la fayilo imene akuifuna. Akasowa driver, palibe wolemba dandaulo, ndipo n'chifukwa chake dmesg inali chete.

Khadi langali lilibe driver m'kati mwa kernel. Amene alipo ndi wotsekedwa, woperekedwa ndi kampani imene inapanga khadilo, ndipo amapezeka m'gawo la non-free, limene ndi losiyana ndi non-free-firmware ndipo silikhala lotsegula pachiyambi. Ndinatsegula gawolo n'kuika phukusi lake, limene limadalira DKMS, ndiye kuti chida chimene chimamanga driver pa makina pomwepo kuti agwirizane ndi kernel imene ilipo. Kumangako kunatha bwino, koma nditayesa kunyamula driver ndi modprobe ndinalandira yankho lakuti kiyi yakanidwa.

Chifukwa chake n'chomveka ukachiganizira. Secure Boot ikakhala yoyatsa, kernel imalola ma driver okhawo amene ali ndi siginecha yodalirika, ndipo driver womangidwa pa makina anga sangakhale ndi siginecha ya Debian. Njira zinali ziwiri, kuthimitsa Secure Boot kapena kulembetsa kiyi yangayanga. Ndinasankha yachiwiri, chifukwa kuthimitsa chitetezo cha makina onse pofuna kusangalatsa khadi limodzi ndinaona kuti n'kulipira zambiri. DKMS imadzipangira kiyi imene imasainira ma driver ake n'kuisunga mu /var/lib/dkms, choncho ndinaipereka kwa mokutil, chida cholembetsera makiyi otere, ndinasankha mawu achinsinsi ogwira ntchito kamodzi kokha, ndipo nditayatsanso makina panabwera sikirini yabuluu yofunsa ngati ndikuvomereza kiyiyo. Ulendo woyamba ndinachedwa kudina batani, nthawi inatha, makina anangopitirira, ndipo ndinayenera kubwereza zonse. Ulendo wachiwiri mawu achinsinsi anakanidwa chifukwa sikiriniyo imawerenga kiyibodi monga ya ku America, pamene ine ndinali nditaikamo chizindikiro chimene chili pamalo ena pa kiyibodi yanga. Ulendo wachitatu ndinagwiritsa ntchito manambala okhaokha, ndipo Wi-Fi inayaka.

Tsiku lachisanu

Zing'onozing'ono zambiri zatheka lero. Kamera ikugwira ntchito popanda kuikhudza, chifukwa imatsatira muyezo wa UVC umene driver mmodzi wa uvcvideo amatumikira makamera ambirimbiri. Makina osindikizira a pa netiweki aoneka okha kudzera mu IPP Everywhere, popanda driver wa kampani iliyonse. Mabatani okweza ndi kutsitsa mawu komanso kuwala kwa sikirini onse akuyankha. Ndaona kuti paliponse pamene opanga zipangizo anagwirizana pa muyezo umodzi, ine sindinagwirepo ntchito ina iliyonse.

Wotchi inkasokonekera ndikachoka ku Debian kupita ku Windows, chifukwa Linux imasunga nthawi ya UTC mu wotchi ya makina pamene Windows imaiwerenga ngati nthawi ya kumene munthu ali. Ndakonza ku mbali ya Windows poika RealTimeIsUniversal mu registry. Mahedifoni ankatulutsa mawu koma maikolofoni yake sinkamveka. Nditasankha pamanja khomo loyenera m'makonzedwe a mawu inayamba kumveka, ndipo sindinafufuze mopitirira.

Tsiku lachisanu ndi chinayi

Wi-Fi yasowanso m'mawa uno, ndipo wolakwa ndine. Dzulo ndinalola kuti zigamba zachitetezo zilowe, pakati pake panali kernel yatsopano, ndipo sindinawerenge zimene zinkalembedwa pa sikirini. Kuti DKMS imange driver imafuna mafayilo otchedwa headers a kernel imeneyo ndendende. Pa tsiku lachitatu ndinaika headers a kernel imodzi yokhayo imene ndinali nayo, m'malo moika phukusi la linux-headers-amd64, limene limakoka headers atsopano nthawi iliyonse kernel ikasintha. Kernel yatsopano inabwera, DKMS inasowa chomangira, ndipo makina anayaka opanda driver. Ndinasankha kernel yakale pa GRUB, ndinaika phukusi loyenera, driver anamangidwa, ndipo zonse zinabwerera m'malo mwake pasanathe theka la ola.

Ngakhale kukonzako kunali kosavuta, nkhaniyi yandiganizitsa tsiku lonse, chifukwa yaonetsa mmene zinthu zidzakhalire malinga ngati khadili lili m'makinamu. Opanga kernel ya Linux amasamala kwambiri kuti mapulogalamu wamba asasweke kernel ikasintha, koma salonjeza zimenezo pa njira za m'kati zimene ma driver amalumikizirana ndi kernel. Njira zimenezo amazisintha pamene aona kuti n'kofunika, ndipo amene wasintha ndiye amakhala ndi udindo wokonza ma driver onse amene ali m'kati mwa kernel kuti agwirizane ndi kusinthako. Kernel yatsopano imatuluka pafupifupi milungu 9 kapena 10 iliyonse. Driver amene ali m'kati amanyamulidwa ndi gulu lonse ulendo wonsewo, ngakhale kampani imene inapanga chipangizocho italeka kuchilabadira. Driver amene ali kunja amadikira kuti wina amusokere chigamba nthawi iliyonse, ndipo akakhala wotsekedwa, chigambacho chimangofika pa kachigawo kakunja kokha popeza mtima wake palibe angauone. Pa Debian yokhazikika, imene imakhala pa mndandanda wa 6.12, chiopsezo n'chochepa, koma tsiku limene ndidzafune kernel ya patsogolo ndidzakhala ndikudalira mwayi.

Tsiku la 12

Vuto latsopano, kapena kuti lakale limene ndangolizindikira: ndikatseka chivindikiro laputopu n'kugona, nthawi zina imadzuka touchpad itafa. Kiyibodi imagwira, mawusi ya pa USB imagwira, koma touchpad siyankha mpaka nditazimitsa ndi kuyatsanso. Sizichitika nthawi zonse, ndipo vuto lotere ndi limene limatopetsa kwambiri, chifukwa ukasintha kanthu n'kuona kuti zayenda sudziwa ngati wakonza kapena wangochita mwayi.

Fayilo ya /sys/power/mem_sleep ikuonetsa kuti makinawa amadziwa magonedwe awiri. Koyamba ndi deep, kumene ndi S3 ya ACPI (muyezo umene firmware ndi kernel zimayendetsera magetsi), pamene pafupifupi zonse zimazimitsidwa kupatula RAM ndipo firmware ya makina ndiyo imayendetsa kudzukako. Kwachiwiri ndi s2idle, pamene kernel yokha ndiyo imagoneka zipangizo chimodzichimodzi. Ndayesa konse kuwiri, kulikonse kakhumi, ndikulemba zotsatira. Pa s2idle touchpad inadzuka nthawi zonse, koma batire linkatsika kwambiri usiku umodzi wokha ndipo makina ankafunda ali m'chikwama. Pa deep batire likusungika bwino, koma touchpad inafa katatu.

Powerenga za ACPI ndakumana ndi chinthu chimene sindinkachidziwa. Firmware ya laputopu imatha kufunsa kuti ikulankhula ndi ndani kudzera mu njira yotchedwa _OSI, ndipo Linux imayankha dala kuti inde ikafunsidwa ngati ili Windows, chifukwa njira ya Windows ndi imene opanga makina amaiyesa mokwanira asanagulitse, pamene njira zinazo kawirikawiri zimakhala zosayesedwa. Zimenezi zikusonyeza kuti mavuto ambiri a kugona ndi kudzuka sachokera kwa driver mmodzi, koma pa kusiyana kwa zimene firmware imayembekezera ndi zimene kernel imachita.

Pakadali pano ndalemba kafayilo kakang'ono mu /usr/lib/systemd/system-sleep kamene kamachotsa driver wa i2c_hid_acpi makina asanagone ndi kumubwezera akadzuka. Kakugwira ntchito, koma ndi chigamba chabe ndipo sindikudziwabe gwero. Ndinafuna kukanena vutoli kwa osamalira kernel, koma /proc/sys/kernel/tainted sikuonetsa 0. Driver wotsekedwa uja akangonyamulidwa, kernel imadziika chizindikiro chakuti mwalowa chinthu chimene anthu ena sangachifufuze, ndipo osamalirawo amayamba apempha kuti vuto lionetsedwe popanda iyeyo. Sindikuwaona kulakwa, chifukwa driver aliyense ali ndi mphamvu yolemba paliponse m'kati mwa kernel. Kunena zoona, inenso ndikumukayikira driver ameneyu.

Tsiku la 16

Ndasintha khadi la Wi-Fi. Ndisanagule ndinatsegula makina n'kuona kuti lakalelo ndi la M.2 2230 lochotseka, losawotcheredwa pa bolodi, ndipo ndinafufuza ngati UEFI ya makinawa imakana makhadi achilendo, popeza malaputopu ena ali ndi mndandanda wa makhadi ovomerezeka ndipo amakana kuyaka akapeza lina. Ndinasankha Intel AX200, imene driver wake wa iwlwifi ali m'kati mwa kernel ndipo firmware yake ili m'phukusi la firmware-iwlwifi. Apa pali msampha umene ndinatsala pang'ono kugweramo. AX201 imaoneka chimodzimodzi ndipo imalowa pa malo omwewo, koma imagwiritsa ntchito CNVi, kutanthauza kuti gawo lina la ntchito yake limachitikira m'zipangizo za pa bolodi za mibadwo yatsopano, choncho pa makina ngati angawa singagwire. AX200 ndi khadi lathunthu palokha, Wi-Fi yake imadutsa pa PCIe ndipo Bluetooth yake imadutsa pa USB.

Ndinayamba ndachotsa chingwe cha batire. Chovuta chinali timawaya tiwiri ta eriyo, timene timitu take n'tating'ono kwambiri moti timafuna kuti tiime chilili pamwamba pa malo ake tisanakanikizidwe, apo ayi timapindika. Kamodzi kanandidyera mphindi zambiri. Nditayatsa makina netiweki inaoneka nthawi yomweyo, lspci ikuonetsa iwlwifi pansi pa khadilo, ndipo lsusb ikuonetsa Bluetooth yatsopano ya nambala yoyamba ndi 8087. Ndachotsa phukusi la driver wakale pamodzi ndi fayilo imene linasiya mu /etc/modprobe.d yoletsa ma driver ena, ndafufuta kiyi ija ndi mokutil, ndipo tainted tsopano ikuonetsa 0. Windows nayo yalipeza khadilo itatsitsa driver wake.

Tsiku la 18

Ndinachotsa kafayilo ka touchpad kaja kuti ndione ngati vuto linapita limodzi ndi driver wakale. Silinapite. Pa magonedwe khumi a deep touchpad yafa kawiri, kernel ili yoyera. Driver amene ndinkamukayikira uja analibe mlandu pa nkhaniyi, ndipo ndikadapanda kubwereza kuyesako ndikadalemba muno kuti khadi latsopano lathetsa zonse. Phindu lake n'lakuti tsopano ndili ndi umboni woti ndingapereke. Mu journalctl -k, mmene mumaoneka mauthenga a kernel, pa nthawi iliyonse imene touchpad yafa, pali mzere wosonyeza kuti driver anatumiza lamulo lodzutsa chipangizocho ndipo sichinayankhe m'nthawi yake. Pa nthawi zimene yadzuka bwino mzerewo palibe. Ndikuganiza kuti touchpad imachedwa kulandira magetsi pambuyo pa S3 ndipo kernel imaifunsa isanakonzeke, koma limeneli ndi ganizo chabe ndipo ndalilemba monga ganizo. Kafayilo kaja ndakabwezera.

Tsiku la 21

Kachipangizo kowerenga chala ndakasiya. Nambala yake ya USB siili pa mndandanda wa zipangizo zimene libfprint, pulogalamu ya Linux yowerengera zala, imazidziwa, ndipo sindikufuna kuikanso chinthu chotsekedwa pa malo okhudza kulowa m'makina nditangochotsa china. Ndizilemba mawu achinsinsi monga kale.

Ndayesa fwupd, chida chimene chimatenga firmware yatsopano kuchokera ku LVFS, kumene makampani amaika okha mafayilo awo. Chaona SSD ndi UEFI, koma kampani imene inapanga laputopuyi sinaikeko chilichonse cha makina a mtundu uno. UEFI yatsopano ilipo pa tsamba la kampaniyo, koma ndi pulogalamu yoyenda pa Windows yokha. Ichi n'chifukwa chokwanira chosungira chigawo cha Windows, chimene ndinali nditakonza zochifufuta sabata ino. Pa zimene kampaniyo inalemba za UEFI yatsopanoyo sipakutchulidwa touchpad, komabe popeza kudzuka ku S3 kumadutsa mu firmware, n'koyenera kuiyesa.

Za batire, ndayerekeza energy_full ndi energy_full_design mu /sys/class/power_supply ndipo ndapeza kuti latsala ndi mphamvu yochepera magawo atatu mwa anayi a mmene linalili lili latsopano. Choncho kufupika kwa nthawi imene ndinkaiona si nkhani ya driver, ndi ukalamba wa batire lenilenilo, ndipo ndasiya kusintha makonzedwe a magetsi pofuna maola amene kulibe.

Zoyesa zatsala ziwiri, ndipo ndizichita chimodzi pa nthawi kuti ndidziwe chimene chasintha zinthu. Mawa ndiimitsa BitLocker kwa kanthawi, ndilumikiza chaja, ndiika UEFI yatsopano, ndionetsetsa kuti AHCI ndi Secure Boot sizinabwerere mwakale, kenaka ndichotsa kafayilo kaja ndi kugoneka makina kakhumi. Touchpad ikafabe, ndiika kernel ya patsogolo ya mu trixie-backports (gawo la Debian la mapulogalamu atsopano) pambali pa 6.12, zimene tsopano ndingachite mosaopa kutaya Wi-Fi, ndi kubwereza magonedwe khumi omwewo. Ikafanso pamenepo, nditumiza lipoti kwa osamalira gawo la HID la kernel (loona za zipangizo monga touchpad), lokhala ndi dzina limene ACPI imatchula touchpad imeneyi, nambala ya UEFI, ndi mizere ya journalctl ya kudzuka kumodzi kwabwino ndi kumodzi kolephera.